Kulemba ndi dzanja, kulemba m'mutu: mafunso ndi mayankho okhudza ubongo

Amalume anga a ku Mabvuku, kuno ku Harare, akhala mlembi wa kagulu kathu ka maliro kuyambira ine ndili mwana. Buku la msonkhamsonkha linkagona pansi pa pilo wawo, ndipo kalembedwe kawo aliyense ankakadziwa: zilembo zowonda, zopendekera kutsogolo ngati anthu oyenda molimbana ndi mphepo. Chaka chatha sitiroko inawagwetsa, dzanja lamanja n'kuleka kumvera. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde atatsinzina, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. Ndinayesa akupemphera, ndiye ndinadikira. Atatsegula maso anati, "Mphwanga, ndimalemba maina a anthu amene sanasonkhe mwezi uno. Ndikulembera m'mutu, poti dzanjali lanyanyala."

Kuyambira pamenepo, aliyense wobwera kudzawazonda amasiya funso lake. Poti ine ndimaphunzitsa ana a Giledi 1 kugwira pensulo, anthu amaganiza kuti za kulemba ndikuzidziwa zonse, choncho mafunsowo amathera kwa ine. Ndinachita kukhala pansi n'kuwerenga.

Kodi munthu akamalemba, ndi mbali iti ya ubongo imene imagwira ntchito?

M'mutu mulibe kachipinda kamodzi ka alembi. Kulemba kuli ngati dima: makasu ambiri m'munda umodzi.

Tinene kuti mukufuna kulemba mawu akuti "nsima". Poyamba mawuwo apezeke, ndipo kwa anthu ambiri nkhokwe ya chilankhulo ili kumanzere kwa ubongo. Izi zinayamba kudziwika mu 1861, pamene dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anafotokoza za wodwala amene ankamva zomwe akuuzidwa koma iye n'kumangoyankha kuti "tan, tan". Atamwalira, anamupeza ndi bala kumanzere chakutsogolo kwa ubongo. Mawu akapezeka, ubongo ukumbuke mndandanda wa zilembo zake: n, s, i, m, a. Kenako chilembo chilichonse chisanduke ulendo wa dzanja: poyambira, pokhotera, pothera. Ntchito imeneyi imagwirika kwambiri m'madera awiri. Lina lili pamwamba chakumbuyo kwa mutu. Linalo lili chakutsogolo, ndipo limadziwika ndi dzina la Sigmund Exner wa ku Vienna, amene analiloza mu 1881.

Lamulo lopita ku minofu limachokera pa kamzera ka ubongo kotsika kuchokera paliwombo kupita ku khutu lililonse, cha pomwe pamadutsa mahedifoni. Wilder Penfield, dokotala wa maopaleshoni a ubongo ku Montreal, ankakhudza malowa ndi timagetsi tochepa, wodwala ali maso, n'kumaona chiwalo chimene chagwedezeka. Mapu amene iye ndi mnzake anatulutsa mu 1937 ndi oseketsa: dzanja ndi milomo zinatenga malo aakulu, pomwe thunthu lonse la munthu linangopatsidwa kadera kochepa. Kunkhongo nako kuli kaubongo kakang'ono kotchedwa cerebellum, kamene kamasalaza kayendedwe kuti cholembera chisalumphe mzere. Ndipo nthawi yonseyi maso amakhala akuyang'anira ngati kapitawo.

Sitiroko ya amalume akuti inagwira kumanzere kwa mutu. Nanga bwanji dzanja lofooka ndi lamanja?

Mitsempha yolamula minofu imapingasana cha m'munsi mwa nkhongo isanalowe mumsana. Yambiri yochokera kumanzere imaolokera kumanja, ya kumanja n'kuolokera kumanzere. Ndipo poti chilankhulo nacho chimakonda kukhala kumanzere, sitiroko ya mbali imeneyo kawirikawiri imatenga dzanja lamanja ndi mawu pamodzi. Amalume anachita mwayi, mawu anawatsalira.

Asayansi amadziwa bwanji zimenezi, poti mutu ndi wotseka?

Njira yakale ndi EEG. Munthu amavala chipewa cha timabatani tomwe timamva magetsi ochepetsetsa otuluka m'maselo a ubongo. Woyamba kujambula magetsi amenewa pa munthu anali Hans Berger wa ku Jena, ku Germany, mu 1924. EEG ndi yachangu kwambiri, koma siloza bwino malo. Zili ngati kuima kunja kwa bwalo la Rufaro ku Mbare: phokoso likuuzani nthawi yomweyo kuti chigoli chalowa, koma wagoletsa ndani, simungadziwe.

Njira ina ndi fMRI, imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 potsatira zomwe Seiji Ogawa anatulukira. Imeneyi imayang'ana magazi. Dera la ubongo likatanganidwa, magazi odzaza okosijeni amathamangirako, makina n'kujambula kusinthako. Malo imaloza bwino, koma imabwera mochedwa, chifukwa magaziwo amafika pachimake patapita masekondi 4 mpaka 6. Kulembera m'makinawa si masewera. Munthu amagona chagada m'kamphanga kopapatiza, phokoso lili gugugu, mutu osagwedeza, ndipo cholembera chachitsulo n'choletsedwa chifukwa cha maginito amphamvu. Choncho mukaona chithunzi cha ubongo cha madontho ofiira ndi achikasu, dziwani kuti mitunduyo inapakidwa ndi kompyuta poyerekeza nthawi imene munthu ankalemba ndi nthawi imene ankangogona. Ubongo suyaka ngati babu.

Palinso njira yoika timawaya m'kati mwenimweni mwa ubongo. Imafuna opaleshoni, ndipo imachitika kwa odwala owerengeka.

Munthu akangoganizira kuti akulemba, dzanja lili phee, ubongo umachitapo kanthu?

Umachita, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

Mu 1980, Per Roland ndi anzake ku Copenhagen anayeza kayendedwe ka magazi mu ubongo wa anthu amene ankagunditsa chala chachikulu ku zala zinazo motsatira ndondomeko yovuta. Kenako anawauza kuti abwereze ndondomeko yomweyo m'mutu mokha. Zala sizinagwedezeke, koma dera lokonza dongosolo la kayendedwe, lomwe lili paliwombo chakutsogolo pang'ono, linatanganidwabe. Ndi EEG nayo zimaoneka. Pamwamba pa dera la dzanja pamakhala mafunde ogunda ka 8 mpaka ka 13 pa sekondi. Amakhala amphamvu dzanja likamapuma, amazilala likayamba kuyenda, ndipo amazilalanso munthu akangoganizira kuti akuliyendetsa. Gert Pfurtscheller wa ku Graz, ku Austria, anathera zaka zambiri pa mafunde amenewa.

Koma umboni umene umandikomera ine ndi wa wotchi, chifukwa sulira makina a ndalama zambiri. Mu 1989, Jean Decety ndi François Michel a ku Lyon anauza anthu kulemba chiganizo ndi kujambula kabokosi, kenako kuchita zomwezo m'maganizo, iwo akuwerenga masekondi. Nthawi inatuluka pafupifupi yofanana. Taganizani. Maganizo amatha kunyamuka pa Mbare Musika n'kufika ku Blantyre m'kuphethira kwa diso, osaima pa Nyamapanda, osaoloka Zambezi pa Tete. Koma muwauze kuti alembe dzina lanu, ayenda pa liwiro la dzanja. Ndiye kuti ubongo sukungoonerera chithunzi ayi, ukuyendetsa dongosolo lomwe lija limene ukanatumiza ku zala.

Yesani nokha. Foni yanu ili ndi wotchi yowerenga masekondi. Lembani dzina lanu lonse ndi keyala yanu papepala, muone nthawi. Kenako tsinzinani, mulembe zomwezo m'mutu, chilembo ndi chilembo, osadumpha. Mukatha, yerekezani kuti mukulemba ndi dzanja limene simulembera. Ife titayesa kunyumba, aliyense anadandaula kuti ngakhale m'mutu momwemo akukwawa.

Zimenezi zinafika mpaka pothandiza madokotala. Mu 2006, Adrian Owen ku Cambridge anauza mtsikana wa zaka 23, amene anavulala mutu pangozi ya pamsewu ndipo sankasonyeza chizindikiro chilichonse chakuti akumva, kuti aganizire kuti akusewera tenisi. Dera lokonza kayendedwe lija linatanganidwa ngati mmene limachitira kwa munthu wabwinobwino.

Ngati zili choncho, kulemba kwenikweni ndi kwa m'mutu kukusiyana pati?

Poyamba, lamulo silituluka lonse. Kamzera kolamula minofu kaja kamagwira ntchito mofooka, ndipo ubongo umaponda buleki kuti dzanja lisanyamuke. Nthawi zina bulekiyo imaphonya pang'ono, n'chifukwa chake mumaona chala cha munthu chikutakataka pabondo iye ali m'maganizo.

Chachikulu n'chakuti m'mutu mulibe chobwerera. Polemba zenizeni, khungu la zala limamva kulimba kwa pensulo, mfundo za dzanja zimanena pamene zafika, maso amaona kuti "b" watembenuka n'kukhala "d". Uthenga wobwerera umenewu ndi umene umaphunzitsa. M'mutu pensulo sithyoka, mzere sukhota, aliyense amalemba mokongola. M'kalasi mwanga muli ana amene angalumbire kuti 5 amamudziwa, ndipo mukawaonetsa amamuloza mosaphonya. Apatseni choko, 5 uja atuluka atayang'ana kumbuyo.

Kaganizidwe kakenso n'kosiyanasiyana. Wina amaona zilembo zikutuluka papepala ngati akuonera kanema, wina amamva dzanja lake likuyenda. Kumva kuja ndi kumene kumadzutsa kwambiri madera a kayendedwe. Ndipo alipo anthu amene akatsinzina saona chithunzi chilichonse, mdima basi. Adam Zeman wa ku Exeter anatcha zimenezi aphantasia mu 2015. Si matenda, ndipo anthu otere amalemba ndi kujambula ngati wina aliyense.

Ndinamva kuti ku America munthu wofa ziwalo analemba pakompyuta ndi maganizo okha. Ndi zoona?

Ndi zoona. Nkhaniyi inatuluka mu 2021 m'magazini ya sayansi ya Nature, kuchokera ku Stanford University ku California, ndipo amene anaitsogolera polemba anali Frank Willett. Wodwalayo, amene mu kafukufukuyo amangotchedwa T5, anali bambo wa zaka 65 amene anavulala msana mu 2007 n'kufa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika. Mu ubongo wake, pa dera la dzanja, anaikamo tizipangizo tiwiri tochepa ngati njere za mphodza, kalikonse ka timinga 96 tomva magetsi a maselo.

Anamuuza kuti ayese kulemba ngati wagwira cholembera papepala la mizere. Dzanja silinkalemba kanthu, koma maselo ankathetheka mosiyana pa chilembo chilichonse. Akatswiriwo atasandutsa kuthethekako kukhala mizere, pa sikirini panatuluka zilembo zozindikirika, zokhotakhota ngati za mwana wa sukulu. Kompyuta itaphunzira bwino, bamboyo ankalemba zilembo 90 pa mphindi. Mwa zilembo 100 zilizonse, 94 zinkatuluka zolondola, ndipo atagwiritsa ntchito pulogalamu yokonza zolakwika ngati ya m'mafoni athuwa, zinapitirira 99. Anthu a msinkhu wake amalemba zilembo pafupifupi 115 pa mphindi pa foni, ndiye sanatsalire patali.

Kale njira inali yakuti wodwala ayendetse kamuvi pa sikirini ndi maganizo n'kumaloza chilembo chimodzichimodzi, ndipo liwiro linkathera pa zilembo 40 pa mphindi. Kulemba kunapambana chifukwa mizere yowongoka yopita ku mabatani imafanana kwambiri, pomwe chilembo chilichonse chili ndi makhotedwe ndi liwiro lakelake, zomwe kompyuta imasiyanitsa mosavuta.

Chimene chinandikhudza ine si liwirolo. N'chakuti patapita zaka zoposa 10 dzanja lisakulemba, kalembedwe kanali kakadali m'mutu, kakungodikira. Nditawafotokozera amalume, anangoti, "Ndiye mumayesa ndikunama?"

Koma tisathamange. Bamboyo sankangolota zilembo, ankayesetsa ndithu kuyendetsa dzanja lake. Ndipo uyu anali kafukufuku, wa munthu mmodzi, wochitidwa opaleshoni, waya atalumikizidwa pamutu. Si chinthu choti mungakagule mumsewu wa Robert Mugabe.

Ndiye makina amenewa angawerenge zinsinsi za mumtima mwanga?

Ayi. Makina a ku Stanford ankamva maselo ochepa a dera la dzanja, pa munthu amene anavomera, amene anathera maola ambiri akuphunzitsa kompyuta kalembedwe kake. Ankagwira zomwe iye akuyesa kulemba, osati zomwe akuganiza za apongozi ake. Foni yanu imadziwa zambiri za inu chifukwa cha zomwe mumailembera nokha.

Kujambula ndi kulemba, kwa ubongo ndi ntchito imodzi?

Ndi pachibale, ndipo wamkulu ndi kujambula. Anthu anayamba kujambula m'mapanga zaka zoposa 40,000 zapitazo, pomwe kulemba kwangotha zaka pafupifupi 5,000. Amene anapitako ku Domboshava, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu Harare, anaona nyama ndi anthu ojambulidwa pathanthwe kalekale. Kwathu ku Dedza kuli Chongoni, malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo zina mwa zojambula zoyera za kumeneko n'zokhudza chinamwali ndi Nyau. Makolo athu ankaphunzitsa ndi chithunzi pepala lisanabwere.

Mu ubongo, ntchito ziwirizi zimabwerekana zipangizo zambiri: dera la dzanja, madera okonza kayendedwe, cerebellum, maso. Zimasiyana potsamira. Kulemba kumatsamira kumanzere chifukwa kumakoka chilankhulo, ndipo kwa munthu wozolowera kumangoyenda kokha. Kujambula kumafuna kwambiri madera oyeza malo, kutalika ndi kupendekeka kwa zinthu, ndipo kumagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri. Zija amanena zakuti ojambula ndi "anthu a ubongo wa kumanja" n'zokokomeza.

Kuti mbali ya kumanja ndi yofunika poyeza malo, zimaonekera kwa odwala ena amene sitiroko inawagwira kumeneko. Dokotala akawauza kuti ajambule wotchi, amaunjika manambala onse kumanja, kumanzere n'kusiya mbee. Duwa amalijambula theka. Maso awo ndi abwinobwino, koma ubongo waleka kusamala za kumanzere. Chodabwitsa n'chakuti vutoli limalowa mpaka m'maganizo. Mu 1978, Edoardo Bisiach ndi Claudio Luzzatti anauza odwala awiri a ku Milan kuti aganizire kuti aima pa bwalo la Piazza del Duomo atayang'ana tchalitchi chachikulu, atchule nyumba zimene akuziona. Anatchula za kumanja zokha. Atawauza kuti tsopano aganizire kuti aima pakhomo la tchalitchicho atayang'ana kumene anachokera, anatchula zomwe anazisiya zija, n'kuiwala zomwe anali atangotchula kumene. Zili ngati munthu wa kuno ataima m'maganizo pa Africa Unity Square: akayang'ana ku hotela ya Meikles mbali imodzi ya tauni yasowa, akatembenuka yabwera, inayo n'kusowa.

Kwa ana a mayeso pali nkhani yabwino. Mu 2016, Jeffrey Wammes, Melissa Meade ndi Myra Fernandes a ku University of Waterloo ku Canada anapatsa anthu mawu, ena oti awalembe mobwerezabwereza, ena oti awajambule, masekondi 40 pa liwu lililonse. Mawu ojambulidwa ndi amene anakumbukika kwambiri, ndipo zinalibe kanthu kuti chithunzicho n'chokongola kapena ayi. Mwana wanu akamajambula mtima ndi mitsempha yake m'kope pokonzekera mayeso a ZIMSEC, musamukalipire kuti akusewera.

N'chifukwa chiyani kalembedwe kanga ka pabolodi kamafanana ndi ka papepala, pomwe minofu yake ndi yosiyana?

Funso ili linachokera kwa mphunzitsi mnzanga, ndipo n'lanzeru. Papepala zimagwira ntchito ndi zala, pabolodi ndi phewa ndi chigongono, koma ana amazindikirabe kuti awa ndi malembedwe a aphunzitsi akuti. Chifukwa chake n'chakuti ubongo susunga chilembo ngati mndandanda wa minofu, umasunga ulendo wake. Mu 1999, Michel Rijntjes ndi anzake ku Germany anauza anthu kusaina ndi chala cha kudzanja, kenako ndi chala chachikulu cha kuphazi. Posaina ndi phazi, madera okonza kayendedwe ka dzanja anadzukabe. Tengani kamtengo mulembe dzina lanu pamchenga ndi phazi, muona: lituluka lonyansa, koma lanu.

Chichewa ndimalankhula bwino, koma kuchilemba chimandivuta. Kodi vuto lili m'dzanja?

Dzanja lilibe mlandu. Ambiri a ife obadwira ku Mufakose, Tafara, Dzivarasekwa kapena Epworth tinayamwa Chichewa kunyumba, koma kusukulu tinaphunzira kulemba Chishona ndi Chingerezi. Zilembo zake ndi zomwezo, choncho dzanja limazidziwa. Chimene chikusowa ndi nkhokwe ya kalembedwe ka mawu, ija imakumbuka kuti liwu lakuti limatenga zilembo zakuti. Nkhokweyo imadzaza ndi kuwerenga ndi kulemba, osati kumva kokha.

Ndiye ubongo umabwereka kwa mnansi. Chishona cholembedwa chilibe "l", choncho mwana wa kuno amalemba "kurima" ndi "mvura" pomwe pakamwa akunena "kulima" ndi "mvula". Liwu limene ife timalemba ng' mu "sing'anga", Ashona amalemba n' mu "n'anga". "Phala" amalilemba "pala", kampweya kaja n'kutayika. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, koma lamulo silingadzaze nkhokwe ya m'mutu mwa mwana. Buku la nyimbo la ku tchalitchi ndi kalata yopita kwa agogo ku Ntcheu ndi zimene zingathe.

Ana a masiku ano amangodina foni. Kodi pensulo ikadali yofunika?

Kwa mwana amene akuphunzira zilembo, ndiyankha mosazengereza: inde.

Mu 2012, Karin James ndi Laura Engelhardt ku Indiana University anatenga ana a zaka 5 osadziwa kuwerenga. Zilembo zina anazilemba okha, zina anazidina pa kiyibodi, zina anangotsatira madontho. Kenako anawaonetsa zilembozo ali m'makina a fMRI. Madera amene akuluakulu amawerengera anadzuka kwambiri pa zilembo zimene anawo anazilemba okha. Kufotokoza kwa James kumandigwira mtima monga mphunzitsi: mwana akamalemba yekha, "a" aliyense amatuluka mosiyana, wina wonenepa, wina wopunduka, ndipo kusiyanasiyanako ndi kumene kumaphunzitsa ubongo chimene chimapangitsa "a" kukhala "a". Kutsatira madontho kumatulutsa kope laukhondo losangalatsa makolo, koma ntchito yambiri aigwira ndi madontho. Marieke Longcamp ku Marseille anapezanso kuti munthu wamkulu akangoyang'ana chilembo, dera lokonza kalembedwe limadzuka ngakhale dzanja lili pansi.

Kwa akuluakulu nkhani ndi ina, ndipo pamafunika kusamala ndi mitu ya nkhani yotentha. Kafukufuku wotchuka wa ku Trondheim, ku Norway, wa Audrey van der Meer ndi Ruud van der Weel mu 2024, anaveka ophunzira a ku yunivesite chipewa cha timabatani 256 n'kupeza kuti polemba ndi cholembera madera a ubongo amalumikizana kwambiri kusiyana ndi potaipa. Chabwino. Koma anawataipitsa ndi chala chimodzi, ndipo sanayese ngati anakumbuka zambiri. Ubongo kutanganidwa sindiye kuti waphunzira. Wamkulu amene akudziwa kale kulemba asaope kompyuta.

Ndipo pepala likasowa si mapeto. Agogo anga ankati kusukulu ya kumudzi ankasalaza dothi pansi pa mtengo n'kumalemba ndi chala. Ine ndimaimiritsa ana n'kumalemba nawo m'malere ndi mkono wonse tisanatsegule makope. Ku Japan nako anthu amalemba ndi chala m'mwamba kapena pachikhatho akafuna kukumbuka chilembo chovuta. Kulemba kotere kuli pakati: si kwa m'mutu mokha chifukwa mkono ukumva, koma diso lilibe choona. Pamchenga m'pabwinopo, chifukwa cholakwa chimatsala n'kumakuyang'ana.

Mwana wanga ndi wamanzere. Ndimukakamize kulemba ndi dzanja lamanja?

Musatero. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse ndi wamanzere, ndipo ndi mmene ubongo wake unayalidwira, si mwano. Ambiri mwa iwo chilankhulo chimakhalabe kumanzere kwa ubongo ngati ena onse. Kupereka moni ndi kulandira zinthu ndi dzanja lamanja mungamuphunzitse, ndi mwambo wathu, koma pensulo musiyeni agwire kumene ikumukomera. Muthandizeni popendeketsa pepala kuti dzanja lisamafute zomwe walemba, ndipo pempheni aphunzitsi amukhazike kumapeto a kumanzere kwa desiki kuti asamagundane zigongono ndi mnzake.

Kalembedwe ka munthu wamkulu kakasintha, tide nkhawa?

Zimatengera kasinthidwe kake. Ngati zasintha mwadzidzidzi, munthu cholembera chikumupulumuka, akusokoneza zilembo, pakamwa papotoka kapena mawu akutuluka mokoka, imeneyo ingakhale sitiroko. Musadikire kuti kuche, musayambe ndi kufufuza amene wamulodza. Thamangirani naye kuchipatala, kaya ku Parirenyatwa, kaya ku Sally Mugabe komwe tinazolowera kukutcha ku Gomo, kaya chilichonse chapafupi. Maola oyambirira ndi amene amapulumutsa ubongo.

Ngati zikusintha pang'onopang'ono, zilembo n'kumachepa, kuyamba mzere zili zazikulu n'kukatha zili ngati nyerere, chimenecho ndi chimodzi mwa zizindikiro za matenda a Parkinson, amene amabwera maselo opanga dopamine (mankhwala achilengedwe othandiza thupi kuyenda bwino) m'kati mwa ubongo akamatha. Pali ena amene dzanja limangokungana akagwira cholembera koma ntchito zina likugwira bwino. Ena ndi maso chabe kapena nyamakazi. Popita kwa dokotala, tengani kope lakale ndi latsopano, aone yekha kusiyana kwake.

Ndiye amalume akapitiriza kulemba m'mutu, dzanja lidzabwerera?

Kulemba m'mutu kungathandize, koma pakokha sikokwanira.

Mu 1995, Alvaro Pascual-Leone ndi anzake ku America anaphunzitsa anthu kuyendetsa zala zisanu pa piyano, maola awiri pa tsiku kwa masiku 5. Gulu lina linkaimbadi, lina linkangokhala pa piyanoyo n'kumaimba m'mutu. Mapu a zala mu ubongo anakula m'magulu onse awiri. Pa luso lenileni, a m'mutu aja anatsalira: pa tsiku lachisanu ankaimba ngati mmene anzawo ankaimbira pa tsiku lachitatu. Koma atawalola kugwira piyano kwa maola awiri okha, anawapeza anzawo aja.

Kwa odwala sitiroko, kafukufuku amasonyeza kuti kuyeserera m'mutu kukaphatikizidwa ndi mafizo kungathandize mkono kuposa mafizo okha. Kuchira kwake kumatengera kukula kwa bala ndi malo ake, ndipo kusintha kwakukulu kumakonda kuoneka m'miyezi yoyambirira. Ku Harare kuno a mafizo amapezeka m'zipatala zazikulu ndi ku St Giles ku Milton Park. Afunseni mmene mungaphatikizire ziwirizi. Ife anatilangiza kuti zikhale mphindi zochepa koma tsiku lililonse, amalume azimva dzanja likuyenda osati kungoona zilembo, ndipo akangotha kulemba m'mutu azigwira cholembera chenicheni, chokulungidwa nsalu kuti chinenepe, ngakhale chitangokanda mzere umodzi.

Pakadali pano buku la msonkhamsonkha akulemba ndi mwana wawo wamkazi, iwo akumutchulira maina kuchokera m'mutu muja, ndipo saphonya amene ali ndi ngongole. Mwezi watha anaumirira kuti kusaina asaina okha, ndi dzanja lamanzere. Zinatenga nthawi, tiyi mpaka anazizira. Siginecha inatuluka yaikulu, yonjenjemera, yodutsa mizere iwiri, koma zilembo zake zinapendekerabe kutsogolo. Msungichuma anaiyang'ana, anati, "Iyi ndi yawo," n'kutseka buku.